Khomo Lachiwiri la a Pensulo

A Pensulo sankalowa m'nyumba ya khomo limodzi. Mu Bindura muno, kuyambira ku Chipadze mpaka kumakomboni a kumigodi, aliyense ankadziwa zimenezi, ndipo ambiri anazidziwa mochita kukalipiridwa. Ukawaitana Sekuru amenewa, ndiye kuti agogo pa chilankhulo cha kuno, kuti adzamwe tiyi, ankayamba azungulira kaye nyumba yako yonse, ndodo ili gogogo pakhoma, kenako n'kudzaima pakhomo nkhope ili ndwii.

"Lachiwiri lili kuti?"

"Lachiwiri lanji, Sekuru?"

"Khomo, iwe! Ndikulankhula ndi mwala kodi?"

Ukati palibe, basi, tiyi uwatulutsire panja, ndipo amwa akukunyoza mpaka kapu yachitatu. "Bambo wa ndevu zake ndithu, kugoneka ana m'dzenje! Denga likagwera pakhomopa mutulukira pati? Aikona!"

Mukuseka? Sekani, poti simunali mwana wawo. Mwana wawo anali Spiwe, ndipo mpaka lero ukamutchulira dzina la bambo ake amayamba waluma kaye mano asanayankhe.

Khalidwe limeneli sanabadwe nalo. Anagwira ntchito ya pansi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ali mnyamata, pa mgodi wina waung'ono wa cha ku Mazowe umene unatsekedwa kalekale, denga linagwa n'kutseka njira yotulukira. Amuna asanu ndi awiri, a Pensulo mmodzi wa iwo, anakwawa chafufumimba m'kadzenje kolowetsa mpweya mpaka kutulukira kunja. Awiri amene anali mbali ina, yopanda kadzenje, adakali komweko. Nkhaniyi a Pensulo sankakonda kuikamba. Iwo ankangoboola makoma.

Kwawo ngakhale chimbudzi chinali ndi zitseko ziwiri. Inde, chimbudzi! Ndipo chokowera ankakana, ati pangozi munthu sakhala ndi nthawi yopapasa. Spiwe anakula akugwira chitseko chakutsogolo ndi dzanja lamanja, chakumbuyo ndi lamanzere, zina zonse n'kuona yekha chochita. Tsiku lina mkulu wa mpingo, mlendo wochokera ku Masembura, analowa n'kugwira bwinobwino chitseko chimene analowera, mtima uli m'malo, osadziwa kuti cha kumbuyo kwake chinatseguka kale ndi mphepo ndipo chikuyang'ana njira ya kumjigo. Amayi otunga madzi anachita kutula ndowa pansi. Mkuluyo sanabwerenso. A Pensulo atamva anangoti, "Koma anatuluka wamoyo."

Mu kombi ankakwera ndi kahamala m'thumba la jekete, n'kukhala pawindo. Mahwindi, anyamata oitanira makombi aja, ankawadziwa onse. Watsopano akafunsa kuti kahamala n'kantchito yanji, iwo ankagogoda galasi ndi chala n'kunena kuti, "Khomo lako ndi ilo, langa ndi ili. Yendetsani bwino tisafike poliyesa."

Tsono Spiwe atakula anatsegula kashopu pafupi ndi msika: fotokope, kutaipa makalata, kusikana mapepala. Kachipinda kake kanali ka khomo limodzi, ndipo mumtima anasangalala kuti wapeza malo amene bambo ake sadzalowamo. Anakondwa sabata imodzi yokha. Lamulungu akuchokera kutchalitchi anapeza fumbi lili kobo, njerwa zili mbwee kuseri, a Pensulo ali ndi tchizulo m'manja, khoma lakumbuyo lili ng'amba.

"Ababa! Nyumbayi ndi ya lendi!"

"Mwini wake adzandithokoza."

Sanathokoze. Anafuna kumuthamangitsa Spiwe, ndipo zinatheka atamulonjeza kuti aikapo chitseko cholimba. Chitseko chake anakhoma ndi a Pensulo omwewo, cha matabwa a mabokosi a malalanje, ndipo atakangana sabata yathunthu analola kaloko kamodzi.

Koma kashopu kameneka sikanali ka fotokope chabe. Anthu athu akuluakulu, amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambiki kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, amasunga mapepala awo m'masutukesi, m'mabaibulo, pansi pa matiresi, kumene chiswe ndi madontho a denga zimawapeza. Pepala limodzi likatayika, mwana amasowa setifiketi yobadwira, mdzukulu n'kusowanso, banja lonse n'kukhala ngati linagwa kumwamba. Spiwe ankasikana mapepala amenewa n'kuwasunga, ndipo aliyense ankamulonjeza mawu amodzimodzi: "Lanu likatayika, mudzalipeza kwa ine." Mbiri inafala, ndipo agogo ankachita kukwera basi kuchokera kumafamu atamanga mapepala m'kansalu.

Mmodzi wa iwo anali Mayi Madina, omwe ankadziwikanso kuti Mai a Malik, mkazi wamasiye wa Che Mohamed, amene ankagulitsa zitumbuwa panja pa mzikiti. Mdzukulu wawo Sumaiyya analibe setifiketi yobadwira, ndipo popanda iyo sakanadzalemba mayeso a Fomu 4. Zaka ziwiri Mayi Madina anali akutolera mapepala limodzilimodzi, lililonse n'kubwera nalo kwa Spiwe. Limene linkasowabe linali khadi la kumgodi la malemu amuna awo, losonyeza nambala yawo ndi chaka chimene anafika m'dziko muno.

Zonsezi zinali mu laputopu imodzi, yokalamba, yomangidwa ndi selotepi pakona. M'mawa wina inakana kuyaka. Spiwe anaipempha, anaimenya, anaipempherera, Mayi Madina ataima pomwepo akuonerera. Inayaka pa leveni koloko. Spiwe thukuta lili kamukamu anadziwa kuti nthawi yogula makina enieni osungira zinthu yakwana, aja amawatcha seva, kompyuta imene ntchito yake ndi kusunga ndi kugawira zinzake. Anali ndi madola 700 okha, ndipo pa omwewo ankafuna patsale ndalama ya chikwangwani cha shopu, chachikulu, cha dzina lake.

Cholakwa chake chinali kutchula nkhaniyi pamaso pa bambo ake.

Atafika kwa Wilbert, wogulitsa makompyuta m'tauni, anapeza a Pensulo afika kale, avala jekete la ku maliro, akuzungulira nyumba. Mwamwayi shopu ya Wilbert inali ndi khomo lakumbuyo. Mwatsoka ndiye kuti analowa.

"Maswera sei, Sekuru?" anatero Wilbert, amene Chichewa ankachimva chonse kuchokera kwa agogo ake koma polankhula chinkatuluka chopunduka.

"Ndaswera mmene ukundioneramu. Onetsa katundu."

Wilbert anatulutsa kabokosi katsopano, kakuda, kowala, ka nyale yabuluu. Spiwe anakakonda asanakagwire n'komwe. Madola 600, chitsimikizo cha chaka chathunthu, kopanda phokoso.

"Mapepala amakhala pati mmenemu?" anafunsa a Pensulo.

"Mu disiki, Sekuru."

"Madisiki angati?"

"Imodzi, koma yaikulu. Ingakwane mapepala a Bindura yense."

"Ikafa?"

"Ndi yatsopano iyi, siingafe."

"Mwana iwe, denga limene linatigwera ife linali litangochirikizidwa dzulo lake. Ndati ikafa?"

Wilbert anayang'ana Spiwe. Spiwe anayang'ana kudenga.

"Ikafa timakupatsani ina yaulere," anatero Wilbert.

"Ina yokhala ndi mapepala a Mai a Malik mkati?"

"Ayi, yopanda kanthu."

"Ndiye ukundilonjeza bokosi la maliro laulere? Chotsa chidolecho!"

Spiwe magazi anamuwira. "Ababa, ndalama ndi zanga, shopu ndi yanga. Inu kompyuta simudziwa ngakhale poyatsira!"

"Poyatsira sindidziwa. Pofera ndimadziwa."

Wilbert, pofuna kuzimitsa moto, anatchula njira ina: osagula makina, kungosungitsa zonse pa intaneti n'kumalipira mwezi ndi mwezi. A Pensulo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti mwezi umene munthu walephera kulipira kiyi amakhala ndi ndani. Atamva kuti amakhala ndi eni ake, anati lendi imodzi ikumukwanira kale mwana wawo. Apa pokha Spiwe sanatsutse, poti mtengo wa data ndi mmene netiweki imathawira kumsika kuja ankazidziwa bwino.

Ndiye maso a nkhalamba anagwera pakona, pamene panali chibokosi chotuwa, chokandikakandika, chimene Wilbert ankaikapo ketulo.

"Icho n'chiyani?"

"Ndi seva yakale, inachokera ku ofesi ina ku Harare. Ndi yolemera, ndipo imasokosa. Sisi Spiwe sangaikonde."

"Madisiki angati?"

"Awiri. Chimene chalembedwa pa imodzi chimalembedwanso pa inzake. Imodzi ikafa, ina imapitiriza."

A Pensulo anakhala chete. Anthu amene ankawadziwa akuti kukhala chete kotero kunachitikapo kawiri kokha m'moyo wawo.

"Yatsa," anatero. Wilbert anayatsa, ndipo chinthucho chinabangula ngati chigayo cha dizilo. "Tsopano zula imodzi."

"Sekuru?"

"Zula disiki imodzi chikuyenda chomwechi. Pansi paja khomo lachiwiri tinkaliyesa mwezi uliwonse, ndi miyendo yathu, osati ndi pakamwa pa kapitawo. Zula!"

"Hazviite, sizingatheke, Sekuru, ndingaononge katundu wanga!"

"Ndiye ukugulitsa chinthu chimene iwe mwini ukuchiopa?"

Anthu anali atayamba kusuzumira pawindo. Wilbert anakoka kachitsulo, disiki n'kutuluka. Chibokosi chinalira tiii tiii, nyale yofiira n'kuyaka, koma chithunzi chimene anatsegula pasikirini chinakhalabe pomwepo. A Pensulo anamwetulira. Spiwe anaona dzino lawo lam'mbali koyamba chimwalirireni mayi ake.

Kumwetulirako sikunathe mphindi. Nkhope inabwerera mwakale, ndodo n'kuloza chibokosi.

"Madisiki onse awiri ali m'bokosi limodzi?"

"Inde, Sekuru."

"Bokosilo likapsa? Likabedwa? Madzi akalowa?"

"Ah, pamenepo ndiye..."

"Pamenepo ndiye ndi zitseko ziwiri zotsegukira m'ngalande imodzi! Mukundiyesa mwana? Ndikufuna yachitatu, yogona kwina!"

Pomaliza pake seva yakale inadya madola 420, batire loigwiriziza magetsi akathima linadya 130, ndipo kadisiki kachitatu, konyamula m'manja, kanadya 110. Zotsalazo zinathera pa mawaya ndi pa ngolo yonyamula chibokosicho. Chikwangwani chinafera pomwepo. Spiwe anayenda kutsogolo kwa ngolo misozi ya ukali ili m'maso, bambo ake ali pambuyo akukalipira wokankha kuti asamale maenje.

Kushopu a Pensulo anachikhazika pa njerwa zinayi, kuopa madzi. Phokoso lake linali loti makasitomala ankachita kukuwa, ndipo ena ankasuzumira n'kufunsa mwachipongwe kuti chimanga akugaya zingati ndowa. Masana a Okutobala kachipindako kankatentha moti Spiwe ankatsegula zitseko zonse ziwiri, bambo ake n'kumati, "Waona ntchito ya khomo langa?"

Koma chimene chinamutopetsa kwenikweni chinali cha faifi koloko. Tsiku lililonse, kupatula Lamulungu, a Pensulo ankatulukira ndi chitini chawo chakale chonyamulira chakudya kumgodi, chophwanyikaphwanyika, mkati atayalamo masokosi akale. M'masokosimo ndi mmene munkagona kadisiki kachitatu. Spiwe ankakalumikiza ku seva, n'kukopera zonse za tsikulo, kenako nkhalamba n'kukabwezera m'chitini ulendo wa kwawo, makilomita atatu wapansi, poti ati mu kombi muli akuba. Kukoperako kunkatenga mphindi makumi anayi, nthawi zina ola lathunthu. Ola lonselo a Pensulo ankakhala pa khomo lakumbuyo akutsokomola chifuwa chawo cha fumbi la mgodi, akudzudzula makasitomala za nyumba zawo, akufunsa mphindi zisanu zilizonse kuti, "Atuluka onse?" Mapepala ankawatchula ngati anthu. Spiwe ankafika kunyumba kwake ana ali ndi njala, mwamuna wake atatupa.

"Ababa, bwanji tizichita kamodzi pa sabata?"

"Ngozi imakuuza tsiku?"

"Chaka chathunthu sichinafepo chinthuchi!"

"Ndi chifukwa chake chili pafupi."

Chaka chachiwiri, mu Ogasiti, tsiku lina magetsi anabwera mochedwa, ntchito inali itaunjikana, ndipo mwana wamng'ono wa Spiwe anali ndi malungo. Spiwe analumikiza kadisiki, kanyale kake n'kuyamba kuphethira monga mwa nthawi zonse. Ndi pamene anazindikira kuti kanyaleko kamaphethira ngakhale osakopera kanthu. Anadikira mphindi zisanu, n'kuzula, n'kupereka.

"Lero mwachangu bwanji?"

"Wilbert wakonza, tsopano zikuthamanga."

"Atuluka onse?"

"Onse, Ababa."

A Pensulo kuwerenga pasikirini sankatha. Anakulunga kadisiki m'masokosi n'kunyamuka. Spiwe anadziuza kuti mawa akopera za masiku awiri. Mawa lakelo kunali anthu ambiri. Sabata inatha, mwezi unatha, ndipo kunena zoona moyo unakoma: ankatseka shopu dzuwa likadalipo, ndipo mumtima ankamva kakunyada koti wamuposa nzeru mdala wovuta uja. Nkhalamba inkayendabe makilomita atatu kubwera, atatu kubwerera, itanyamula zinthu za pa 9 Ogasiti.

Mu Seputembala Mayi Madina analowa m'shopu akuthamanga, munthu wamkulu ngati uja, chitenje chili m'manja. Mlamu wawo wa ku Shamva anapeza khadi la Che Mohamed m'thumba la chikhoti chakale. Linali lofiirira, lothetheka m'makona, koma nambala ndi chaka zinkaoneka bwinobwino. Spiwe analisikana mosamala mbali zonse ziwiri, n'kuliika mu seva, n'kubweza khadi kwa eni ake.

"Lalowa?" anafunsa Mayi Madina.

"Lalowa, Amayi. Lanu likatayika, mudzalipeza kwa ine."

Ndipo linatayikadi. Kumayambiriro kwa Novembala mwana wawo Malik anatenga mapepala onse m'chikwama cha pulasitiki kupita nawo ku Harare, n'kuchiiwala mu kombi. Anasakasaka masiku atatu osachipeza. Mayi Madina anamukalipira mpaka mawu kusasa, kenako anatumiza uthenga kwa Spiwe kuti abwera Lolemba kudzasindikiza ena.

Lolemba limenelo shopu sinatsegulidwe. Loweruka a Pensulo anayenda ndi chitini chawo mvula ikugwa, atachifundika m'jekete, iwo akunyowa. Lamulungu m'mawa mpweya unayamba kuwathawa, ndipo pofika masana anali atapita, atakhala pampando panja, poti m'chipinda anakana.

Maliro ake anali aakulu modabwitsa kwa munthu amene anakalipira tauni yonse. Mahwindi anabwera ndi makombi awiri osalipiritsa munthu. Wilbert ananyamula nawo bokosi. Adzukulu okumba manda, monga mwa chipongwe chawo, anaima ndi mafosholo n'kufunsa mokweza ngati akumbe ndi potulukira pena, kuopa kuti mwini wake angakane kulowa. Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Spiwe sanaseke. Anali wokwiya, ndipo sankadziwa bwinobwino kuti wakwiyira ndani: mvula, chifuwa, kapena mdala wouma mutu amene anafundika chitini m'malo modzifundika yekha.

Lachinayi anapita kukatsegula shopu. Loko wakutsogolo anali bwinobwino. Atalowa anamva chinthu chachilendo, ndipo panapita kanthawi asanazindikire kuti n'chiyani: munali zii. Pakona panali njerwa zinayi ndi mawaya odulidwa. Seva, batire, laputopu ija, zonse zinapita. Chitseko chakumbuyo, cha matabwa a malalanje chija, chinali gada pansi, kaloko kake kali lende. Tauni yonse inkadziwa kuti mwini shopu ali pa maliro, ndipo n'kutheka kuti ena mwa akubawo anadya nawo mpunga wa pamaliropo. Anthu opanda manyazi, afisi enieni!

Spiwe anatuluka panja n'kuyamba kukuwa, msika wonse ukumva.

"Khomo lawo lija! Khomo lachiwiri lija! Ndinkanena ine! Moyo wanga wonse zitseko, zitseko, zitseko, lero ndi izi! Anaboola khoma la eni ake kuti akuba asavutike! Matabwa a malalanje! Adzuke adzaone ntchito ya manja awo!"

Anakuwa nthawi yaitali, kuposa mmene chitseko chinkafunikira, chifukwa ankadziwa chimene chimudikira akangosiya. Ndipo chinabweradi. Amayi ogulitsa tomato anamugwira mapewa n'kumutonthoza: "Usalire, mwanangu. Makina ndi makina. Chitini cha Sekuru chilipo, si choncho? Mdala uja ankadziwa chimene ankachita." Aliyense wobwera ankanena zomwezo, ena akuseka, akuti a Pensulo apambana mlandu ali m'manda.

Chitini anachipeza pansi pa bedi la bambo ake, atachikulunga m'ovolosi. Anapita nacho kwa Wilbert ngakhale ankadziwa, poti munthu umayembekezabe zosatheka. Wilbert analumikiza, n'kuwerenga, n'kuwerenganso.

"Sisi, zomaliza ndi za pa 9 Ogasiti. Kapena kadisiki kanaonongeka?"

"Sikanaonongeke."

Wilbert anazula kadisiki n'kukabwezera m'chitini.

Zambiri zinalimo, mapepala a mabanja oposa mazana atatu, onse amoyo chifukwa cha miyendo ya nkhalamba ija. Za miyezi itatu yomaliza zinalibemo. Ambiri mwa eni ake anali nawobe mapepala awo kunyumba, ndipo ankangofunika kubweranso. Khadi la Che Mohamed lokha ndi limene linalibe kwina kulikonse. Spiwe anafufuza mu foni, anakhuthula dengu la zinyalala la m'shopu pepala limodzilimodzi, anapita yekha kwa mahwindi a makombi a ku Harare. Sanapeze kanthu.

Masiku amenewo ndi pamene Bindura anayamba kuzindikira kuti wachepa. Faifi koloko inkakwana popanda chifuwa chija kumveka kuchokera kumsika. Anthu ankalowa m'nyumba zawo za khomo limodzi popanda wowatukwana, ndipo m'malo momasuka ankangoona kuti palibenso amene akudera nkhawa zoti denga lingawagwere. Hwindi wina anati mpando wa pawindo uja anthu akuupewa okha. Zoseketsa zawo zinkakambidwabe, koma wokamba ankafika pakati n'kusiya, n'kuyamba kuyang'ana kumsewu.

Spiwe anazengereza masiku anayi. Tsiku lachisanu madzulo anapita kwa Mayi Madina chimanjamanja. Anawapeza pakhonde akusankha nyemba, Sumaiyya ali m'nyumba ndi mabuku ake.

"Fika, mwanangu, fika. Pepa ndi zonse zakugwerazi. Za akuba ndinamva, koma ine sindinadandaule ngakhale pang'ono, Mulungu ndi mboni. Ndinamuuza Malik kuti iwe ndi chitsiru, koma mwayi wako ndi woti kunali a Pensulo."

"Amayi..."

"Ukudziwa kuti ankadutsa pano tsiku lililonse? Njira yakwawo si ino, ankachita kukhotera dala. Chiyambire tsiku lija ndinabweretsa khadi. Ankaima pampanda apo, kupuma kuli befu befu, osatha n'kulankhula komwe. Ndikawapatsa mpando ankakhala, koma chitini osachiika pansi, ayi ndithu, chili pamiyendo. Mpweya ukabwerera ankachigogoda ndi chala n'kunena kuti, 'Mai a Malik, Che Mohamed ali muno. Ndikukawagoneka kwanga, mugone mtima uli m'malo.' Tsiku ndi tsiku! Loweruka lomaliza lija ndinawauza kuti ayembekeze mvula ikate, anandikalipira, ati munthu sumusiya mnzako panjira."

Mayi Madina anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kuseka pang'ono. Kenako anatembenukira kukhomo.

"Sumaiyya! Bweretsa pulasitiki yatsopano ija tiikemo pepala la agogo ako. Ulendo uno ku Harare ndipita ndekha."

M'nyumba munamveka mpando ukukhululuka, ndi mapazi a mtsikana akuthamangira kuchipinda. Spiwe anatsika pa sitepe pamene anakhala, n'kugwada pa simenti patsogolo pa lichero la nyemba. Ukali wonse umene anayenda nawo masabata awiri unali utapeza mwini wake.

"Amayi, muuzeni asabweretse," anatero. "Ababa sanakunamizeni. Ndinkawanamiza ndine."